Ndinaimitsa kutola zomera n'kupita kukagwira ntchito ya waya ku Chitipa

Makatoni a zomera zomwe ndinatola analipo 7, ndinawasanjika pamwamba pa wadilobu kunyumba kwa amalume ku Mzuzu, ndipo tsiku lonyamuka ndinawauza kuti amalume musadandaule, miyezi 6 yokha ndabwera kudzachotsa katunduyu. Inakwana miyezi 14. Nditabwera n'kutsitsa katoni yoyamba chomwe chinandilandira ndi fungo la chuku komanso kafumbi kofiirira ngati ka chimanga chofumbwa, nde ndinadziwiratu ndisanavundukule nyuzi ngakhale imodzi kuti zinthu sizili bwino mkatimo. Ndinakhala pansi pa simenti nthawi yaitali ndithu, amalume anabwera n'kuima pakhomo, kenako anabwerera osayankhula kanthu.

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo anzanga ena, ochepa inde koma alipo, omwe amakonda kutola zomera, agulugufe, tizilombo kaya zigoba za nkhono, ndipo tsiku lina adzapezeka pomwe ndinali ine, ntchito yolipira yapezeka kutali ndipo zokonda zakozo ziyenera kudikira. Sindikuuzani kuti muikane ntchitoyo ayi. Ine ndinapita, ndipo zitabwereranso ndingapitenso. Koma pali zinthu zomwe ndikanachita mosiyana.

Ine zomera ndinazikonda ndili ku koleji. Ndinkanyamulira pulesi aphunzitsi ena tikamapita kutchire, pulesi yake ija yopanira zomera kuti ziume, ya timatabwa tiwiri topingasa, makatoni odula pakati, nyuzi zakale ndi malamba awiri omangira. Poyamba inali ganyu chabe yopezera ya sopo. Koma tsiku lomwe ananditenga kupita ku National Herbarium ku Zomba n'kuona mapepala a zomera zomwe anthu anatola kalekale ine ndisanabadwe, zili ndi tsiku, malo ndi dzina la wotola, maluwa ake akuonekabe, mtima unagwidwa basi. Ndinayamba kutola zanga, nambala 1 mpaka kupitirira 400 pa zaka zitatu, zambiri za ku Viphya ndi m'mbali mwa Mzuzu momwemo. Loto langa lalikulu linali la ku Misuku, nkhalango zija za Mughese, Wilindi ndi Matipa, ndinkafuna ndikakhaleko kuyambira Januwale mpaka Malichi nthawi ya mvula pomwe maluwa a orchid amakhala ali pachimake. Ndinali nditayamba kale kuyendera za chilolezo ku ofesi ya zankhalango poti kumeneko ndi nkhalango zotetezedwa, sungangolowa ndi pulesi ngati m'munda mwa agogo ako.

Kenako mayi anadwala, ndipo mchemwali wanga wamng'ono anali atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Kandalama komwe ndinasunga ka ulendo kanatha m'masabata atatu. Nthawi yomweyo msuweni wanga yemwe ankayendetsa pikapu ya kontrakitala wina anandiimbira kuti akufuna munthu wodziwa GPS komanso wotha kulemba malipoti a tsiku ndi tsiku, ntchito yake yoika waya wa faiba, uja wa intaneti, pansi kutsata msewu wa Karonga kupita ku Chitipa mpaka kufupi ndi malire. GPS ndinaidziwira ku zomera komweko. Sindinaganize kawiri, ndinalongedza tsiku lomwelo, ndipo apa ndi pomwe ndinalakwitsa koyamba, chifukwa chikwama changa ndinachilongedza mosamala koma makatoni aja ndinangowakweza pa wadilobu mmene analili, opanda pulasitiki, opanda mankhwala, ena zomera zake zisanaumitsitse n'komwe.

Kwa omwe simunaionepo ntchito ya waya, imayenda chonchi. Kutsogolo kumapita ife oyeza, kukhoma zikhomo ndi kulemba pomwe pali mlatho, kalavati, thanthwe, manda, mpopi wa madzi kapena munda wa munthu. Pambuyo pathu gulu lokumba, anthu ambirimbiri olembedwa m'midzi momwemo, aliyense amapatsidwa mamita ake pa tsiku, piki ndi fosholo, ngalande yake yakuya pafupifupi mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Kenako amayala paipi yapulasitiki, kukwirira pang'ono, kuyala tepi yochenjeza pamwamba kuti wina akadzakumba mtsogolo adzayambe waona tepiyo asanadule waya, n'kukwirira zonse. Wayayo amabwera pa madiramu akuluakulu, amamulowetsa mu paipi muja mochita kupopa ndi kompuresa, ndipo pomwe diramu yathera pamakhala dzenje la simenti lomwe anyamata a splicing amalumikiziramo timaulusi tagalasi tija, tating'ono ngati tsitsi, ndi kamakina kowotcherera. Ine ntchito yanga inali kuyenda wapansi mzere wonsewo, kutenga ma point, kuyeza kuya kwa ngalande, kujambula ndi kulemba. Pa tsiku ndinkayenda makilomita osachepera 8, pena kubwereza malo omwewo katatu.

Tinayambira kumunsi ku Karonga komwe kutentha kwake kumachita kukulanda mawu, kudya mbalagha ndi mpunga wa Kilombero, n'kumakwera pang'onopang'ono kudutsa cha ku Kayelekera mpaka kumtunda komwe mu Juni ndi Julayi mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa usiku mu tenti. Msewu wonsewo ndi wa makilomita pafupifupi 100 koma pokumba ndi manja umaoneka ngati sutha.

Masabata oyamba ndinayesa kuchita ziwiri nthawi imodzi. Ndinali nditabisa kapulesi kakang'ono pansi pa mpando wa pikapu, nde ndikaona chomera chachilendo ndinkapatuka, kuthyola, kuyala mu nyuzi, kulemba, mphindi 20 zapita, uku gulu lokumba likudikira kuti ndiyeze ngalande kuti alembedwe tsiku lawo. Tsiku lina folomani, bambo wachikulire wodekha kwambiri, anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Achimwene, anthu awa adzuka 4 koloko, ena sanadye, akudikira inu kuti aweruke. Kuno tinabwerera waya, zamasambazo muziona Lamulungu." Sanakalipe, koma mawu aja anandilowa, chifukwa ankanena zoona. Munthu wokumba amalipidwa pa mamita omwe ayezedwa, ine ndikachedwa ndiye kuti ndamudyera nthawi yake yomwe akanakagwira kumunda kwake.

Komanso panali china chomwe ndinkadzinamiza nacho. Zomera zomwe ndinkatola mobisa zija zinalibe chilolezo chilichonse, ndipo ku kampu kunalibe poumitsira, nyuzi zosinthira zinalibe, nde patatha sabata ziwiri zonse zinada bii n'kuyamba kununkha. Chomera chimafuna kusinthidwa mapepala tsiku lililonse masiku oyamba, makamaka chamadzimadzi, ndipo chimafuna kutentha pang'ono kodutsa m'makatoni muja, ena amaika pulesi pamwamba pa mbaula ya makala patali ndithu kuti zisapse. Iwe wabwera 6 koloko madzulo wotopa, lipoti likudikira, jenereta azimitsa 9 koloko, zimenezo sungazithe. Ndinataya zonse kuseri kwa kampu, pafupifupi 30, ndipo zinandiwawa chifukwa ndinazizula pachabe, bola zikanakhala pomwe zinali n'kubala mbewu.

Nde ndinapanga chisankho, kuti kutola ndaimitsa, osati mwa theka koma kwenikweni. Pulesi ndinaipereka kwa msuweni kuti akaisiye ku Karonga. M'malo mwake ndinagula kope lachikuto cholimba ndi mapensulo atatu, pensulo osati bolopeni chifukwa inki ikanyowa imayenderera, ndipo kopelo linkakhala m'thumba la ovolosi. Ndikaona chomera ndinkangojambula ndi foni, duwa, tsamba kumaso ndi kumbuyo, tsinde ndi malo onse, kenako mzere umodzi m'kope: tsiku, nambala ya chikhomo chapafupi, GPS, mtundu wa dothi, mtundu wa duwa, basi. Mphindi imodzi yokha, ndikuyenda kale. Palibe yemwe anadandaulanso.

Apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi chinthu chomwe sindinkachiyembekezera n'komwe. Munthu wotola zomera nthawi zambiri amaona za pamwamba zokha, masamba, maluwa, zipatso, akafuna muzu amangokumba pang'ono ndi kampeni. Koma ine tsiku lililonse ndinkayenda m'mbali mwa ngalande yakuya mita yathunthu, yodula tchire la miombo makilomita ndi makilomita, ngati wina watsegula buku la pansi pa nthaka n'kundiuza kuti werenga. Ndinaona tizomera tomwe pamwamba ndi timasamba tochepa tosafika m'bondo, koma pansi pali chimtengo chenicheni, mizu yonenepa ngati ntchafu ya munthu yoyenda mamita angapo cham'mbali. Kamuula kaja kokwawa, Parinari capensis, ndinkakadziwa m'mabuku kuti thupi lake lonse lili pansi, koma kuona anyamata atatu akulimbana ndi muzu wake ndi nkhwangwa kwa ola lathunthu n'kosiyana ndi kuwerenga. Zomera zimenezi zinabisa thupi pansi kuti moto wa chaka ndi chaka uzingodya masamba okha. Ndipo mu Seputembala ndi Okutobala, pa lupsa pomwe papsa kumene, mvula isanagwe ngakhale dontho, zimatulutsa maluwa kuchokera pa phulusa lakuda lija, achikasu, ofiira, ena oyera, pomwe mitengo ya mombo nayo ili ndi masamba atsopano ofiira aja. Ine zaka zonse ndinkaganiza kuti nyengo yotola ndi ya mvula basi, mwezi wa Okutobala ndinkakhala pakhomo. Ngalande ija inandiphunzitsa kuti ndinkaphonya theka la nkhani.

Chinanso ndi anthu. Ku Chitipa zilankhulo ndi zambiri zedi, Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chitumbuka, ndipo gulu lokumba linkasintha tikamasuntha, mudzi uno anthu ake, mudzi winawo anthu ake. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinkakhala nawo pansi n'kuwaonetsa zithunzi za pa foni, nde amayi ndi abambo aja ankachita kulimbirana kundiuza dzina, ntchito yake, kuti ichi mbuzi sizidya, ichi timachapira, ichi chimatuluka mvula ikatsala sabata ziwiri. Ndinkalemba dzina mmene ndalimvera ndi chilankhulo chake pambali, ndipo ndinkafunsa anthu awiri kapena atatu osiyana ndisanakhulupirire, poti pena munthu amangokuuza dzina kuti akusangalatse. Za mankhwala sindinkakakamiza, wina akafuna kunena ankanena yekha, akangoseka n'kusintha nkhani ndinkadziwa kuti ndi za pabanja pawo ndisiye. Amayi ena ndi omwe anandionetsa madambo momwe amakumba chinaka, timachubu tija ta orchid tomwe amapangira chikanda ndipo tambiri timawoloka malire kupita ku Zambia, anandiuza okha kuti masiku ano amayenda mtunda wautali kuposa kale kuti adzaze kathumba. Ndinalemba madambo onsewo m'kope.

Koma kunena zoona panali malo amodzi omwe ankandipweteka, pa Kapoka, pomwe msewu wa ku Misuku umapatukira. Tinagwira ntchito chakumeneko mwezi wa Febuluwale weniweniwo, mvula ikugwa, ngalande zikudzaza madzi n'kumagumuka, ife kumakumbanso malo omwewo, uku mapiri a Misuku akuoneka apo ataphimbidwa ndi mitambo. Nyengo yomwe ndinaikonzekera zaka ziwiri inali kudutsa ine ndili pa mphambano yake ndi tepi yoyezera m'manja. Lamulungu lina ndinafuna kukwera njinga yamoto ndingokaona, koma ndalama ya njinga kupita ndi kubwera inali yofanana ndi yomwe ndinkayenera kutumiza kunyumba sabata imeneyo, nde ndinatumiza kunyumba. Usiku umenewo sindinagone bwino. Ngati mudzakhale pa malo otere musadzadzione ngati ndinu ofooka, zimawawa ndithu.

Tsiku lina tikuyeza pafupi ndi mudzi wina agogo ena aamuna anabwera ndi ndodo yawo kudzaonerera, n'kutifunsa kuti kodi ana inu mukubwezeretsa lamya? Anati makolo awo ankawauza za waya wa azungu womwe unkadutsa dera lomwelo pa mitengo yachitsulo. Ine panthawiyo ndinkangodziwa za Stevenson Road, msewu wakale womwe unayambika m'zaka za m'ma 1880 kuchoka ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika, komanso kuti Chitipa kale inkatchedwa Fort Hill. Nditapeza netiweki ndinayamba kuwerenga, nde ndinapeza kuti agogo aja ankanena za waya wa telegalafu wa African Transcontinental Telegraph Company, kampani ya Cecil Rhodes yomwe inkafuna kulumikiza Cape ndi Cairo. M'zaka za m'ma 1890 wayayo anadutsa ku Tete, Blantyre, Zomba, Fort Johnston yomwe lero ndi Mangochi, n'kutsata nyanja kudutsa Nkhotakota mpaka Karonga, kenako kukwera kumtunda kupita ku Abercorn, Mbala ya lero ku Zambia, n'kukathera ku Ujiji m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ku Cairo sanafike. Mapolo ake anali achitsulo chifukwa amitengo chiswe chikanawamaliza, ndipo pamtunda zitsulozo zinkayenda pamitu ndi pamapewa a anthu akuda amtengatenga. Ndinaganiza za anyamata athu a piki ndi fosholo aja, zaka zoposa 100 zadutsa koma mzere womwewo, thukuta la anthu a m'midzi yomweyo. Ndipo m'zaka zomwezo Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, anali akutola zomera ndi mbalame ku Nyika ndi ku Misuku komwe ine ndinkalakalaka.

Powerenga za matelegalafu omwewo ndinakumananso ndi nkhani ya Robert Kennicott, mnyamata wa ku Chicago wotola zinyama ndi zomera yemwe ankatumiza zinthu ku Smithsonian, museum yaikulu ya ku America. Mu 1865 analowa ntchito ya kampani ya telegalafu ya Western Union yofuna kukoka waya kudutsa ku Alaska, yomwe nthawi imeneyo inali m'manja mwa Russia, kuwoloka kupita ku Siberia mpaka ku Ulaya. Iye ankayembekezera kuti azitola zinthu zake uku akugwira ya waya, koma ntchito yoyang'anira anthu ndi kufufuza njira inamudya, ndipo anamwalira mu Meyi 1866 ku Nulato m'mbali mwa mtsinje wa Yukon ali ndi zaka 30. Chaka chomwecho waya wa pansi pa nyanja ya Atlantic unatheka, nde ntchito yonse ya ku Alaska inasiyidwa. Mnzake wamng'ono William Healey Dall ndi yemwe anatsalira kumeneko n'kupitiriza kutola ntchito ya waya itatha. Nkhani imeneyi ndinaiwerenga mu tenti ndi tochi ya foni, ndipo chomwe chinandigwira ndi choti munthuyu anali katswiri kuposa ine kutalitali koma naye ziwirizi zinamukanika kuziyendetsa pamodzi. Zinandikhazika mtima pansi pa chisankho changa chija, komanso zinandiopsa, chifukwa ndinaona kuti mawu oti ndidzatola ntchito ikatha alibe chitsimikizo.

Ndipo ntchito yathu sinathe pa miyezi 6. Mvula inatichedwetsa, malo ena thanthwe, malo ena anthu anadula waya usiku poganiza kuti muli kopa pomwe muli galasi lokhalokha lopanda msika, tinabwerera kukalumikizanso. Malipiro nawo pena ankachedwa mwezi wathunthu kapena kuposa, ndipo munthu sungachoke uli ndi ndalama zako m'manja mwa ena, umangoti ndidikire za mwezi uno, kenako zakumananso ndi za mwezi winawo. Apa ndikuuzeni mosabisa, kontrakiti ya ntchito ya kutchire akakuuzani miyezi 6 inu konzekerani chaka. Chilichonse chomwe mukusiya kunyumba chisiyeni ngati simubwera msanga.

Pa miyezi 14 yonseyo ku Mzuzu ndinadutsako kawiri, koma ulendo wake wothamangira kukaona mayi, makatoni ndinkangowayang'ana pamwamba paja n'kumati ali bwino. Ndikanangotsitsa imodzi yokha ulendo woyamba uja ndikanapulumutsa zambiri. Mzuzu ndi konyowa, chinyezi chake aliyense amachidziwa, nyumba ya amalume ndi yamalata opanda siling'i ndipo wadilobu inatsamira khoma lomwe limalowa madzi. Makatoni awiri a kukhoma anachita chuku mpaka nyuzi kumatirirana ngati chikondamoyo. Atatu analowedwa ndi tizikumbu tating'ono tofiirira tija timaboolanso fodya wouma, timayamba ndi maluwa ndi zipatso, kusiya ndodo zokha ndi fumbi. Tizilombo tina tasiliva tothamanga tija tinadya mapepala a malebulo, ndipo ichi ndiye chinandipha kwambiri, chifukwa chomera chopanda lebulo ndi udzu wouma basi, sungadziwe kuti unachitola kuti, liti. Manambala ndinali nditalemba pa timapepala tosiyana m'malo molemba pa nyuzi yeniyeniyo, ndipo kope langa lakale la manambala linali mu katoni momwemo, nalo linanyowa theka.

Makatoni awiri okha ndi omwe anatuluka bwino, ndipo chifukwa chake ndi chophweka. Amenewo ndinali nditawakonza kale kuti ndipite nawo ku Zomba, zomera zake zinali zouma gwa, mitolo yake ndinaikulunga m'mapulasitiki akuluakulu n'kumata ndi tepi, mkati ndinaponyamo timipira toyera tonunkha tija timaika m'masutikesi. Pa zomera zoposa 400 ndinatsala ndi 130 ndi kenakake.

Nde ngati mukunyamuka mawa kupita ku ntchito ya kutali, pemphani tsiku limodzi kapena awiri owonjezera, bwana wabwino amamva. Chilichonse chisanaume chiumitseni kaye kapena chitayeni, chifukwa chimodzi chonyowa chimawononga mtolo wonse. Ngati pali wachibale kapena wagolosale yemwe ali ndi firiji ya chisanu chenicheni ija yoikamo nyama, kulungani mitolo mu pulasitiki yotseka bwino muiike mmenemo sabata yathunthu, tizilombo ndi mazira ake zimafa, ku ma herbarium amachita zomwezo, ndipo mukatulutsa musatsegule pulasitiki mpaka itafunda kuti chinyezi chisalowe. Nambala ilembeni ndi pensulo pa nyuzi yeniyeniyo komanso pa kalebulo komangirira ku chomeracho. Kope la manambala lijambuleni tsamba lililonse n'kudzitumizira pa imelo, ndipo lisagone mu katoni imodzi ndi zomera. Osatsamiritsa kukhoma, osaika pansi poti chiswe sichichedwa. Koma choposa zonsezi, chomwe ine ndinachikana chifukwa cha kaumbombo kofuna kuti zikhale zanga mpaka nditazitchula maina ndekha, n'choti zabwinozo mukazipereke ku herbarium kapena ku museum musananyamuke, ngakhale zilibe maina onse. Kumeneko kuli makabati ndi anthu oziyang'anira, dzina lanu ndi nambala yanu zimakhalabe pa pepalalo, mukabwera mudzazipeza. Kwa anzanga a agulugufe ndi tizikumbu nkhani ndi yomweyi, mwinanso kuposa, poti mabokosi anu tizilombo timawakonda kwambiri.

Ndipo musankhe munthu mmodzi pakhomo, mumuonetse chomwe ayang'ane, kafumbi pansi pa mtolo kapena fungo, kuti mwezi uliwonse azitsegula n'kukuimbirani. Amalume anandiuza pambuyo pake kuti fungo analimva kalekale koma ankaopa kugwira katundu wa sukulu, ankaganiza kuti mwina ndi mmene zimanunkhira. Sindinawauze kanthu ponyamuka, nde sakanadziwa.

Zithunzi za pa foni nazo zili ndi ngozi yake. Foni yanga yoyamba inagwera mu ngalande ya madzi cha mu Janyuwale ndipo zithunzi za miyezi iwiri zinapita, zinatsala ndi mizere ya pensulo m'kope muja. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tikapita pa boma kukagula zinthu ndinkagula bandulo n'kukweza zonse pa intaneti, ndipo chithunzi chilichonse ndinkachipatsa nambala yofanana ndi ya m'kope.

Nditamaliza kulira makatoni aja ndinatenga 130 zotsalazo ndi makope atatu a ku ntchito n'kupita nazo ku Zomba. Bambo wina wa kumeneko yemwe amandidziwa kuyambira ndili wonyamula pulesi anatsegula makopewo, kuwerenga tsamba ndi tsamba, n'kundiuza mosapita m'mbali kuti, "Mwana wanga, chithunzi ndi mzere wa m'kope si umboni wokwanira, pa zomera zambiri sitingatchule dzina popanda chomeracho m'manja. Koma apa uli ndi mapu ndi kalendala, ukudziwa pomwe chili ndi sabata yomwe chimachita maluwa. Ambiri amapita kutchire osadziwa zimenezo." Tinakhala masiku awiri tikusankha malo 40 omwe anali oyenera kubwererako, ndipo ndi mndandanda umenewo pempho langa la chilolezo linali losavuta kulemba kusiyana ndi poyamba paja pomwe ndinkangoti ndikufuna kukatola ku Misuku.

Ndalama ya ntchito ija inalipira chipatala cha mayi, mchemwali wanga anamaliza fomu 2 osathamangitsidwapo fizi, ndipo inatsalako yogulira GPS yangayanga ndi mabokosi awiri apulasitiki otseka bwino. Okutobala wotsatira ndinakwera minibasi ya ku Chitipa ndi pulesi yanga pamiyendo, chilolezo m'thumba. Ndinatsika pa dzenje la simenti lomwe ndinaliyeza ndekha, n'kuwerenga mapazi 60 kulowera kumpoto monga ndinalembera, ndipo pa lupsa paja maluwa achikasu aja analipo, ambiri kuposa chaka chija, ndinakumba chimodzi ndi muzu wake womwe n'kuchipatsa nambala 438. Malo achiwiri pa mndandanda, dambo lija amayi anandionetsa, ndinapeza wina walima mizere ya chimanga kuchokera kumsewu mpaka kumtsinje, ndinalemba tsiku ndi zomwe ndaona pansi pa mzere wakale uja n'kupitirira wapansi kulowera ku Kapoka, komwe njinga yamoto ya ku Misuku inali kudikira anthu pansi pa mtengo.